Chilankhulo, chipembedzo ndi magule: mapu a Malawi anafika bwanji pomwe alipa?

Pali nkhani zina zikabuka timangokangana mpaka usiku osamvana. Sinodi ya Livingstonia ili ndi mipingo ku Lilongwe, ya Nkhoma nayo ili ndi yake ku Mzuzu, anthu nkumafunsa kuti kodi si CCAP imodzi yomweyi? Ku Balaka mu 2019 kunavuta pa nkhani ya atsikana achisilamu ovala hijabu pa sukulu ya Anglican. Kumidzi ya chigawo chapakati pena mumamva kuti maliro aima kaye chifukwa a mpingo ndi a gule sakumvana kuti mwambo atsogolere ndani. Nde palinso mkangano wosathawu woti Chichewa chinakhala bwanji cha dziko lonse pomwe m'Malawi muno muli zilankhulo zoposa khumi.

Zimaoneka ngati nkhani zinayi zosiyana koma pansi pake funso ndi limodzi: ndani anafika pati, liti, ndipo anadzera njira iti. Mu jogalafe muli nthambi yake yoona zimenezi, momwe zilankhulo, zipembedzo ndi miyambo zinagawikira pa malo. Chomwe ndikufuna tione apa nchakuti mapu athuwa sanabwere ndi magazi ayi, anajambulidwa ndi njira za malonda, mamishoni, maesiteti, migodi ndi wailesi, ndipo mpaka pano akujambulidwabe.

Mtundu ndi chilankhulo si chinthu chimodzi

Apa mpomwe ambiri timasokonezekera. Mtundu ndi komwe munthu amadziwerengera, kwa makolo ake ndi kwa mfumu yake. Chilankhulo ndi chomwe amayankhula pakhomo akadzuka m'mawa. Ziwirizi pena zimayenda limodzi, pena zinasiyana kalekale.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni. Mwa amenewa Achewa anali 34.4 peresenti, Alomwe 18.9, Ayao 13.3, Angoni 10.4, Atumbuka 9.2, kenako Asena, Amang'anja, Atonga, Ankhonde ndi ena. Tsono yerekezani ndi kalembera wa 1998 yemwe anafunsa za chilankhulo cha pakhomo: Chichewa chinali cha ma 57 peresenti, Chinyanja pafupifupi 13, koma Chilomwe sichinafike olo 3 peresenti ndipo Chingoni sichinakwane 1. Zaka za makalembera awiriwa nzosiyana inde, koma mpata wake ndi waukulu zedi moti sungatsekeke ndi zaka 20.

Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku lomwe kunachitika kadamsana, akuchokera kumwera kuja kunali nkhondo za nthawi ya Shaka. Anali ankhondo amphamvu koma ochepa, m'njira monse ankatenga anthu a mitundu ina nkuwasandutsa Angoni, nkukwatira akazi a komwe afikako, ndipo mwana amatola chilankhulo cha amene amamubereka kumbuyo. Patadutsa mibadwo iwiri itatu, a M'mbelwa ku Mzimba anali akuyankhula Chitumbuka, a Maseko a Gomani ku Ntcheu, omwe anabwera paulendo wawo wosiyana ndi wa Zwangendaba, Chichewa, pomwe a Mpezeni ku Chipata chawo chinasakanikirana ndi Chinsenga. Ufumu unatsala, ingoma inatsala, zishango ndi ulemu wa Inkosi zinatsala, chilankhulo chinatsalira kwambiri m'nyimbo ndi m'mayamiko.

Za Alomwe zinayenda mwina. Ambiri analowa kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka cha m'ma 1930, kuthawa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nkudzakhala pa maesiteti a ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu pansi pa thangata. Anafika ngati alendo opanda malo awoawo, ankanyozedwa, nde makolo ambiri anaona kuti ana awo apulumuka akamayankhula Chinyanja cha eni dera. Gulu lina linataya chilankhulo litapambana nkhondo, lina linachitaya likufuna mtendere, koma mathero ake ofanana.

Chikhalidwe chimayenda bwanji

Malo omwe chinthu chinayambira akatswiri amawatenga ngati gwero, ndipo funso lawo limakhala loti chinachoka bwanji pamenepo kukafika kwina. Taganizani za moto kale machesi asanachuluke. Wosamuka ankanyamula chikuni chake kukayatsa komwe akupita. Wina moto ukamuzimira ankatuma mwana kukapala kwa oyandikana nawo, iwonso mawa nkupatsa ena, mpaka mudzi wonse. Pena moto unkayaka pabwalo la mfumu, aliyense nkukapala pomwepo. Njira zitatuzi, kusamuka nacho, kupatsirana khomo ndi khomo, ndi kutsika kuchokera kwa akuluakulu, ndi zomwe zinagawa pafupifupi chilichonse chomwe tikambe m'munsimu.

Chitsanzo cha kusamuka nacho ndi gule wamkulu wa ku Zimbabwe. Anthu a kuno, a kum'mawa kwa Zambia ndi a ku Tete omwe anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a Rhodesia anakakhazikitsa madambwe konko, ndipo zidzukulu zawo zikuvinabe ngakhale ambiri pakhomo amayankhula Chishona. Anthu omwewo ndi omwe anapangitsa kuti CCAP ikhale ndi sinodi ku Harare, komanso mizikiti yambiri yakale ya m'makomboni a kumeneko inamangidwa ndi Ayao.

Chichewa chinafika bwanji ponseponse

Chilankhulo cha onse ndi chomwe anthu awiri a zilankhulo zosiyana amagwiritsa ntchito akakumana pamsika kapena kuchipatala. Kuti chilankhulo chifike pamenepo sikuti chimakhala chokoma kuposa zinzake, chimakhala kuti chinali pa njira yomwe mphamvu zinadzera.

Maziko ake ndi ufumu wa Maravi, wa a Kalonga, a Undi ndi a Lundu, womwe Apwitikizi ankaulemba kale m'mabuku awo m'zaka za m'ma 1600. Unatambasuka kuchokera kunyanja mpaka ku Luangwa ndi ku Zambezi, nchifukwa chake Mchewa wa ku Kasungu, Mmang'anja wa ku Chikwawa, Mnyanja wa ku Likoma ndi wa ku Katete amamvana popanda womasulira. Amishoni atafika anapeza chilankhulochi chili kale pakati, nkuyamba kuchilemba. David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, Baibulo lonse lomwe ambiri timalidziwa kuti Buku Lopatulika linamalizidwa cha mu 1922 ntchito yake itatsogozedwa ndi William Murray wa ku Nkhoma. Boma la atsamunda nalo linkachigwiritsa ntchito kupolisi ndi kuusilikali, ndipo apolisi ndi ogwira ntchito m'boma ochokera kum'mawa ndi omwe anachilimbitsa ku Lusaka, komwe lero kuli Chinyanja cha m'tauni chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi.

Kumpoto nkhani inali ina. Livingstonia Mission inayamba ndi Chinyanja ili ku Cape Maclear, kenako Chitonga ili ku Bandawe, mapeto ake inakhazikika pa Chitumbuka, ndipo sukulu zake zinachifalitsa mpaka kwa anthu omwe sichinali chawo. Atsamunda atafuna kuti sukulu zonse ziphunzitse Chinyanja m'ma 1930 kumpoto anakana, mu 1947 Chitumbuka chinavomerezedwa pambali pa Chinyanja.

Nde kunabwera 1968. Msonkhano waukulu wa MCP unagamula kuti dzina likhale Chichewa osati Chinyanja, kuti chimenechi ndi Chingerezi ndizo za boma, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Kamuzu nkhani ya chilankhulo ankaitenga ngati yakeyake, ali ku Chicago m'ma 1930 anathandizapo katswiri wina kulemba galamala ya Chichewa, ndipo mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira kalembedwe. Oikira kumbuyo chigamulochi amati dziko latsopano linkafunika chilankhulo chimodzi choti aliyense amve, ndipo nzoona kuti lero munthu amachoka ku Nsanje kukafika ku Karonga osasowa woyankhula naye. Otsutsa amati mtengo wake analipira ndi ana a ku Rumphi, Chitipa ndi Mangochi omwe ankayamba sukulu m'chilankhulo chachilendo, komanso kusintha dzina kunapangitsa chilankhulo cha anthu ambiri kuoneka ngati cha mtundu umodzi. Zonse ziwiri zili ndi umboni wake. Matipate atabwera mu 1994 Chitumbuka chinabwerera pa MBC, kenako Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zinalowanso, ndipo mu 1996 bodi ija inalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ku Zomba. Zambia inasankha njira ina, zilankhulo 7 za m'zigawo, Chinyanja chili chimodzi mwa izo.

Mapu a zipembedzo

Funsani munthu kwawo, kawirikawiri mutha kulota mpingo wa agogo ake. Izi sizachilendo, zinachokera pa momwe amishoni anagawanirana dziko.

A Anglican a bungwe la amishoni la UMCA ndi omwe anayamba, ku Magomero mu 1861, zinthu sizinayende, Bishopu Mackenzie anamwalira chaka chotsatira, anadzabwereranso kudzera kunyanja nkukhazikika pa Likoma mu 1885. Nchifukwa chake Anglican ndi yolimba m'mbali mwa nyanja, ku Likoma, Nkhotakota ndi Malindi, chifukwa njira yawo inali sitima ya pamadzi. A Free Church of Scotland anafika ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881 kenako ku Khondowe mu 1894 pansi pa Robert Laws. A Church of Scotland anatenga Blantyre mu 1876. A Dutch Reformed ochokera ku South Africa anayamba ku Mvera mu 1889, Nkhoma mu 1896. Atatu omalizawa anagwirizana kuti asamalowererane, wina kumpoto, wina pakati, wina kumwera, ndipo CCAP itapangidwa mu 1924, Nkhoma nkulowa mu 1926, malire aja anakhala malire a masinodi.

Mkangano wa malire wa lero gwero lake ndi limeneli. Malire anajambulidwa nthawi yomwe anthu ankafera komwe anabadwira. Kenako kunabwera esiteti ya nzimbe ku Dwangwa, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, Mzuzu inakula, anthu nkusakanikirana. Wa ku Dowa ali ku Mzuzu amafuna kuimba nyimbo zomwe anakula nazo m'Chichewa, wa ku Ekwendeni ali ku Area 25 amafuna sumu za Chitumbuka. Ena amati mpingo uzitsatira nkhosa zake kulikonse zili, ena amati kutero ndi kumanga mipingo ya mitundu mkati mwa mpingo umodzi. Mukaona bwino mkanganowu ndi wa chilankhulo ndi kusamuka kwa anthu kuposa wa chiphunzitso.

Akatolika anachedwerako ndipo mgwirizano wa malire uja sunawakhudze. A Montfort anayamba ku Nzama mu 1901, a White Fathers ku Mua mu 1902, nkumatsegula sukulu paliponse pomwe mfumu yalola, nchifukwa chake amapezeka m'zigawo zonse. Mu 2018 anali 17.2 peresenti, CCAP 14.2, Asilamu 13.8. Palinso mzere wina wochokera kwa Joseph Booth yemwe anafika mu 1892, womwe unabala mpingo wa PIM wa John Chilembwe ku Mbombwe mu 1900 ndiponso unatsegula njira ya Malamulo ya Seventh Day ku Thyolo. Mipingo ya Pentekoste ndi ya aneneri yomwe yachuluka kuyambira m'ma 1990 ilibe gawo lake pa mapu, imayenda ndi wailesi, TV ndi foni, imayambira m'tauni nkumatsikira kumudzi.

Chisilamu chinafika amishoni asanabwere. Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota m'ma 1840 akuchita malonda a minyanga ndi akapolo ndi anthu a ku gombe la Zanzibar ndi Kilwa, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjira, Mponda ndi Jalasi omwe ankachita malonda omwewo anayamba kulowa Chisilamu kuyambira cha m'ma 1870. Apa chinatsika kuchokera kwa mafumu, nkulowa m'chinamwali cha jando, nkukhala mbali ya kukula kwa mwana. Koma tisamaphatikize zinthu, si Myao aliyense ali Msilamu, ku Zomba, Domasi ndi Chiradzulu kuli Ayao achikhristu ambirimbiri, ndipo ku Nkhotakota kuli Achewa achisilamu kuyambira kale.

Nkhani ya hijabu imamveka bwino mukadziwa mbiri ya sukulu. Nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mishoni, makolo achisilamu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akabatizidwa, ambiri anangokhala ndi madrasa basi. Mpaka lero sukulu zambiri eni ake ndi mipingo pomwe aphunzitsi amalipidwa ndi boma, ndipo zina zili m'madera omwe ana ambiri ndi achisilamu. Mpingo umati sukulu ndi yathu ndipo ili ndi malamulo ake, makolo amati misonkho ndi yathu tonse ndipo sukulu yapafupi ndi yomweyi. Bungwe la atsogoleri a zipembedzo la Public Affairs Committee (PAC) linayanjanitsa mbali ziwirizi mpaka kusainirana mgwirizano mu 2021. Ana a Chirasta nawo nkhani yawo ya madiredi inakathera kukhoti lalikulu ku Zomba mu 2023, lomwe linagamula kuti aziloledwa m'sukulu za boma.

Nanga chipembedzo cha makolo? Kalembera amachipatsa pafupifupi 1 peresenti, koma nambala imeneyi imabisa zambiri chifukwa fomu imalola yankho limodzi. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi ku Nsanje alipobe, Msinja kwa Makewana kumadziwikabe, ndipo munthu yemweyo woimba kwaya Lamulungu amakapezeka kusadaka kapena pa mwambo wa chiliza.

Za makolo ndi zotchuka

Mabuku amasiyanitsa mitundu iwiri ya chikhalidwe. Cha makolo chimakhala cha dera limodzi, mwini wake sadziwika, chimaphunziridwa poona ndi pomva ndipo chimasintha pang'onopang'ono. Chotchuka chimakhala ndi wochipanga wodziwika, chimagulitsidwa, chimafala msanga kudzera pa wailesi ndi intaneti ndipo chimatha msanganso. Kusiyanitsaku kumathandiza, koma kwathu kuno malire ake ndi obowoka kwambiri.

Tengani gule wamkulu. Ndi wakale zedi, zojambula za pa miyala ya ku Chongoni ku Dedza, malo 127 omwe UNESCO inawazindikira mu 2006, zina mwa izo zikukhudzana ndi nyau ndi chinamwali. Gule mwiniwake analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 m'dzina la mayiko atatu, Malawi, Zambia ndi Mozambique. Koma sanakhalepo chinthu chouma. Pambali pa Kasiyamaliro ndi Chadzunda pali Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, omwe anatuluka nthawi yolimbana ndi amishoni, ndipo m'ma 1920 kulimbanako kunali kwenikweni, dambwe ndi sukulu zinkalimbirana anyamata omwewo. Panadzabweranso zilombo zooneka ngati galimoto ndi helikopita. Gule amaona zomwe zikuchitika nkuziyankha pabwalo. Ku Mua komweko komwe kunali mkangano, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni mu 1976 ndipo lero kuli nyumba yosungira zigoba zambirimbiri, pomwe mipingo ina mpaka pano imadula munthu yemwe wapezeka kudambwe.

Ndiye pali magule omwe timawatcha a makolo pomwe anayamba ngati fasho. Beni ya ku Mangochi ndi Machinga inachokera ku gombe la Aswahili kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, potengera mabandi ndi perete wa asilikali, ndipo inafala kwambiri ndi anthu obwera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda mizu yake ndi yomweyo, nchifukwa chake mumaona makabudula oyera, masokosi aatali, mizere ndi maudindo onga a kuusilikali. Agogo a agogo athu ankaziona ngati za anyamata amakono. Vimbuza wa kumpoto naye anakula m'zaka za m'ma 1800 nthawi ya nkhondo ndi kusokonekera kwa midzi, ndipo mizimu yake ina imabwebweta m'zilankhulo za alendo.

Nyimbo zotchuka nazo zili ndi magwero ake pa mapu. Kwela inabwera ndi obwera ku Joni ndi ku Salisbury (Harare wa lero) nkumera mizu ku Chileka kwa a Kachamba, Chileka yomweyo inadzakhala kwawo kwa rege ya Chimalawi. Balaka inatchuka chifukwa cha Alleluya Band yomwe inayambira pa parishi ya Katolika, ndekuti kayimbidwe komwe kanadzaza m'minibasi m'ma 1990 kanabadwira kutchalitchi. Lero oimba achinyamata akutenga ng'oma za manganje ndi vimbuza nkuziika pa biti ya pa kompyuta, ndipo kanema wa gule wojambulidwa pa foni ku Mchinji amaonedwa ku Johannesburg ndi ku Leicester tsiku lomwelo.

Miyambo ikuluikulu ya pachaka ili pakatikati. Kulamba amachitikira ku Mkaika ku Katete mu August, mafumu a mayiko atatu nkukagwada kwa Kalonga Gawa Undi ngati kuti malire a atsamunda kulibe. Ncwala ya Angoni a Mpezeni ili ku Mtenguleni mu February, Umthetho wa a M'mbelwa ku Hora, Umhlangano wa a Maseko ku Ntcheu, Mulhako wa Alhomwe ku Chonde womwe unakhazikitsidwa nthawi ya Bingu wa Mutharika. Zovinidwa nzakale koma zambiri mwa zikondwererozi momwe zililimu, ndi nsalu zosindikiza, makampani othandiza ndi alendo olemekezeka, nzaposachedwa.

Zomwe sizinayankhidwebe

Funso lalikulu ndi la sukulu. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi ngati chophunzitsira, akatswiri ambiri amati mwana amagwira msanga m'chilankhulo cha pakhomo, makolo ambiri amafuna Chingerezi chifukwa ntchito zili kumeneko. Ndipo olo titagwirizana za chilankhulo cha pakhomo, ku Chitipa komwe kuli Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha ndi zina m'boma limodzi tisankha chiti, mabuku ake alemba ndani?

Kodi chilankhulo chomwe ana anasiya chingabwerere chifukwa cha mwambo wa pachaka ndi makalasi a Loweruka, kapena Chilomwe ndi Chingoni zidzakhala za m'nyimbo basi? Magulu a zachikhalidwe akuteteza miyambo kapena akulimbitsa kuvota motsata zigawo komwe kunaonekera poyera mu 1994? Eni ake amati ndi zachikhalidwe chabe, owadzudzula amaloza andale okhala kutsogolo pa miyamboyo.

Za gule nazo sizinathe. Mwini wake ndani akafika pa TikTok kapena pa msonkhano wa chipani, mfumu ya mzinda, wovina, wojambula kapena boma lomwe linakamulembetsa ku UNESCO? Zachinsinsi za kudambwe zisungika bwanji foni ili m'thumba la aliyense, ndipo anthu odutsa omwe si a mwambowo ufulu wawo uyambira pati gule akatuluka pamsewu? Komanso ana obadwira ku Ndirande kapena ku Mchesi, bambo Mtumbuka wa CCAP mayi Myao wachisilamu, oyankhula Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, wowerenga anthu akadzafika pakhomo nkufunsa mtundu ndi chipembedzo, adzalembedwa mbali iti?